Misa ya Mwana Wamoyo

Kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti sukulu zitsegulire, mwana wa Margareta adali asanadzukebe pamphasa. Thupi silinkatentha, chifuwa adalibe, m'mimba mudali bwinobwino. Ankangogona atayang'ana kukhoma, msungwana wathunthu wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ngati thumba la chimanga limene mwini wake waliiwala. Ukamupatsa phala ankanyambita kawiri n'kukankhira mbale kumbali. Ukamufunsa chimene chikuwawa ankangoti, "Palibe." Ndipo padalibe mawu amene ankamupsetsa mtima Margareta kuposa palibe ameneyo.

Mwanayo adali Roza. Koma kutchula dzina limeneli mokweza mu Januwale wa 1986, m'mudzi uja wa kuseri kwa Msakambewa kumene mapiri a Ntchisi amaoneka ngati ungawagwire ndi dzanja, kudali kuputa mavu. Pamapepala onse a sukulu mwanayo adali Ester.

Zidayamba chonchi. Roza adalemba mayeso a Sitandade 8 kawiri, ndipo kawiri konseko adakhoza. Koma masiku amenewo kukhoza kudali kwina, kusankhidwa kupita kusekondale kudalinso kwina. Malo adali ochepa, ndipo anthu ankati wobwereza amamuika kumchira ngakhale akhoze chotani. Ndiye ana ankalowa Sitandade 8 ali a Phiri, chaka chinacho n'kulowanso ali a Banda, aphunzitsi n'kumayang'ana kudenga. Roza adalibe dzina lina loti alowere. Adangokhala pakhomo n'kumathandiza kumunda, pamene mng'ono wake Ester, amene adali atangoyamba kumene Sitandade 8, ankanyamula mabuku m'mawa uliwonse. Kenako, Khirisimasi itangodutsa, Ester adadandaula mutu, khosi lidauma, ndipo pofika tsiku lachiwiri adali atapita. Adamwalirira pamphasa yomwe ankagonapo awiri ndi Roza.

Tsono bambo wa anawa, a Agustino, adali mkamwini wa nzeru zothamanga, wa mtundu uja woti ukagwa m'dzenje, asanakutulutse amayamba wayeza ngati dzenjelo lingakwane chimbudzi. Tsitsi lometa pamaliro lisanamere n'komwe, iwo adali atapita kale kukanong'onezana ndi aphunzitsi aakulu a nthawiyo.

"Wapita wapita, mayi," adatero pobwerako. "Koma dzina lake likadali m'kaundula, ndipo ndi dzina loyera, silinalembepo mayeso. Tilitaye?"

Margareta adakana masiku awiri. Tsiku lachitatu adavomera, pakuti nayenso ankafuna mwana mmodzi yekha amene adzakalambe msana uli wowongoka. Roza sadafunsidwe. Adangopatsidwa yunifolomu ya mng'ono wake atafutukula mpendero.

A Agustino adaika lamulo: lilime silichedwa kuterereka, choncho aliyense, pakhomo ndi kudambo komwe, azimuitana mwanayo kuti Ester mpaka azolowere. Mudzi wonse udamvera, chifukwa pafupifupi banja lililonse lidali ndi kake kobisa kokhudza sukulu. Margareta, amene kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi adali amake Roza, adadzuka tsiku lina ali amake Ester. Ndipo chinyengocho chidabala. Dzina la Ester Agustino lidatuluka pa osankhidwa kupita kusekondale ya atsikana yogonera konko. A Agustino adapha mbuzi, nayenda sabata yathunthu chifuwa chili patsogolo. Margareta adasoka ndi ulusi wofiira dzina lakuti Ester pabulauzi iliyonse, pabulangete, ngakhale pathaulo.

Chimene chidasokoneza ndi chakuti aphunzitsi aakulu aja adasamutsidwa, m'malo mwawo n'kubwera a Isake, munthu wosaseka, amene ankalembanso za chipani panthambi ya kumeneko ndipo kutchalitchi ankakhala benchi yakutsogolo. Mphekesera inkati kumene adachokera adachotsetsa mtsikana wina ali kale Fomu 2 pa mlandu ngati womwewu.

Mwanayo adabwera kutchuthi cha Khirisimasi ataonda pang'ono, atachepetsa zolankhula, koma akuyenda ndi kutunga madzi. Chaka chitakwana chimwalirire Ester, Margareta adapita kwa a Vinsenti, akatekisiti, kukapempha Misa, popeza wansembe ankabwera Lamulungu lomwelo.

"Ndilembe dzina liti, mayi?" adafunsa a Vinsenti, pensulo ili m'malere.

Margareta adaganiza za a Isake pabenchi yawo ija. Ester Agustino angatchulidwe bwanji pakati pa akufa pomwe Ester Agustino ali Fomu 1?

"Lembani Roza," adatero. "Mulungu akudziwa amene ndikunena."

Ndipo Lamulungu lija wansembe adawerenga kapepalako monga kadalembedwera, kupempherera mzimu wa Roza Agustino kuti uuse mumtendere. Margareta adayankha amen mtima utapepuka, kuti pomaliza wamuchitira kanthu mwana wake wa kumanda. Mwana wake wamoyo adali pambali pake pomwepo, mawondo akugundana ndi ake. Adatuluka nthawi ya Ukalistia isanakwane, n'kukagona pamphasa paja.

Inu mwaona kale pamene pagona nkhani. Margareta sadaone, ndipo musafulumire kumuseka. Iye adati ndi kutentha kwa m'tchalitchi, kenako adati ndi mango osapsa, kenako malungo.

Lachiwiri, kutatsala masiku asanu ndi limodzi aja, a Agustino adaima pakhomo pa chipinda, matope a kumunda ali m'miyendo.

"Ester! Dzuka! Ukufuna kundichititsa manyazi pamaso pa alamu anga? Lolemba basi ikudutsa, ndipo iwe ukwera, kaya ukukwawa." Adatembenukira kwa mkazi wawo. "Mwamulekerera ndinu, amake Ester. Akapanda kufika sabata yoyamba malo ake apatsa wina. Ndi ulesi umenewu. Wadya buledi miyezi itatu, basi khasu lamuopsa."

Adabweranso a Elube, akulu ake a Margareta, mayi amene nthenda iliyonse ya mtsikana ankayamba kuiyang'ana pamimba. Adamutsekera mwanayo m'chipinda, adamuunguza maso, adamusisita, adatuluka akupukusa mutu ngati akhumudwa. Mimba padalibe. Ndiye ndi anthu, adatero, ansanje a m'mudzi muno, nanga mwana angasankhidwe yekha mudzi wonse anthu n'kungomusiya? Adabwera ndi mizu yobisa m'chitenje kuti a Vinsenti asamve, adamufunditsa bulangete, adamufukiza mpaka misozi. Mwanayo sadakane. Ukati tukula mutu ankatukula, ukati meza ankameza. Chimenecho ndicho chinkamuwawa kwambiri Margareta. Roza amene iye adabereka adali mwana wamakani, woti ukamutuma kawiri ankafunsa ngati Ester alibe miyendo. Uyu adali ngati chipika.

Lachinayi Margareta adasiya udzu ukumera m'chimanga, adamanga makhadi awiri a chipani pamfundo ya chitenje, n'kumukoka mwanayo kupita naye kuchipatala cha mishoni. Pasiteji anyamata a chipani adayang'ana makhadiwo n'kuwalola kukwera. Basi idatitimira m'matope kawiri pazitunda za Dowa, amuna n'kutsika kukakankha. Adafika dzuwa lili paliwombo, adaima pamzere, mwanayo adatengedwa magazi, ndipo pomaliza adalowa kwa namwino wachikulire, mayi Lidia, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi.

"Dzina lako ndani, mwanawe?" adafunsa namwinoyo.

Mwanayo adayang'ana mayi ake.

"Ester Agustino," adayankha Margareta msangamsanga.

"Ndafunsa mwini wakeyu, mayi."

Mwanayo adatsegula pakamwa, adatsekanso, n'kuyang'ananso mayi ake. Namwino adaika cholembera pansi, nauza Margareta kuti adikire panja. Adadikira pabenchi nthawi yaitali, akuwerengera m'mutu mizere ya chimanga imene akadapalira. Atamuitananso, mwanayo adatulutsidwa, maso ali psuu.

"Magazi ali bwino," adatero mayi Lidia. "Malungo mulibe, mimba palibe."

"Ndiye akunamizira?"

"Sakunamizira. Akudwala ndithu. Mtima nawo umadwala, mayi, monga limadwalira bondo. Ana a msinkhu uwu amafika nazo pano kawirikawiri, kungoti amafika mochedwa."

"Ndiye mubayeni jekeseni tizipita."

"Jekeseni ya zimenezi ndilibe."

"Wakuuzani chiyani?"

"Sanandiuze kanthu, wangolira. Koma ndakhala pampando uno zaka makumi awiri, ndipo sindinaonepo mtsikana wa kusekondale wofunsira dzina lake kwa mayi ake."

Margareta adayang'ana kuchitseko.

"Musaope, za m'nyumba mwanu sindikuzifuna," adapitiriza namwinoyo. "Koma mumve izi. Musamusiye yekha. Mankhwala a fodya muwachotse pamene angawafikire. Kenako mukhale naye pansi, mumumvere. Osamulangiza ayi, kumumvera. Lachinayi likudzali mubwere nayenso."

"Lachinayi akhala ali kusukulu. Akachedwa malo apatsa wina."

"Malo angapatse wina, inde. Nanga mwana ameneyu, inu wina mukamutenga kuti?"

Margareta adabwerera akuwira. Tsiku lathunthu lopalira lapita, matope mpaka m'mawondo, kuti akauzidwe kumvera munthu wosalankhula! Ophunzirawa amatero, ankadziuza yekha mubasi, akasowa mankhwala amakupatsa mawu. Komabe za mankhwala a fodya zija sizidamuchoke m'mutu. Atangofika adalowa m'chigafa, adatenga chitinicho, n'kukachisungitsa kwa a Elube osanena chifukwa.

Lachisanu adayesa. Adatenga lichero la nkhwani, adakhala pansi pafupi ndi mphasa, nayamba kusadzula.

"Ndabwera kudzakumvera," adatero. "Lankhula."

Zii. Kunja nkhuku zinkapalasa. Margareta adapirira masamba asanu, lachisanu ndi chimodzi adalephera.

"Ukudziwa ndi atsikana angati m'dera lino amene akulira malo akowo? Mwana wa a Hana walemba katatu, pano akusenda chinangwa kwa apongozi. Iwe wapatsidwa mwayi m'manja, ukuugonera. Tikusowetsa chiyani? Takumenya? Ester, ndikulankhula ndi iwe!"

Mwanayo adakoka chitenje n'kufunda mutu. Margareta adatuluka, adataya nkhwani wina pansi ndi ukali, adautolanso chifukwa ndiwo zina kudalibe. Adalira kuseri kwa nkhokwe, misozi ya mkwiyo, osadziwa kuti wakwiyira ndani.

Loweruka m'mawa adangopita kuchitsime, ulendo wa mtsuko umodzi. Pobwera adapeza mphasa yapindidwa bwinobwino n'kuimikidwa pakona, bulangete lapindidwa, korona yake yopempherera yaikidwa pamwamba pa sutikesi. Mwana padalibe.

Mtsuko udatsala pakhomo. Adathamangira m'chigafa, mudalibe. Adathamangira kwa a Elube, chitini chidali pomwe adachisiya. Adatsetserekera kumtsinje, umene udali utadzaza ndi mvula ya sabata yonse, madzi ofiira akukokolola mapesi. Kumeneko adakumana ndi a Hana atasenza nkhuni, amene adati amuona mwanayo akulowera cha kutchalitchi.

Kuseri kwa tchalitchi, pakati pa mitengo ya bulugamu, kudali manda a akhristu. Margareta adafika wefuwefu, chitenje chikumasuka. Adaona munthu atawerama pakati pa mitumbira, osagwedezeka, ndipo mantha adamutsegula pakamwa nzeru zisanafike.

"Roza! Roza iwe!"

Munthu uja adadzuka n'kutembenuka. Manja adali matope okhaokha. Adali akuzula udzu pamtumbira wa mng'ono wake, pamene padali mtanda wathabwa wopanda dzina, poti a Agustino adati zolembazo zidikire.

"Mwaitana ndani, amayi?"

Margareta adagwira pakamwa n'kucheuka, kuona ngati wina wamva. Mwanayo adakuona kucheukako, ndipo adaseka pang'ono, kuseka kosakoma.

"Musadandaule, kulibe munthu. Kuno n'kwa akufa okhaokha. Ndi kwathu."

"Usalankhule choncho, malodza amenewo!"

"Mudandipempherera Misa, amayi. Ndidali pambali panu. Bambo mfumu adati mzimu wa Roza uuse mumtendere, inu mudati amen. Tchalitchi chonse chidati amen. Azakhali adati amen, ababa adati amen. Palibe ngakhale mmodzi adatembenuka kundiyang'ana."

"Mwana iwe, ija idali ya Ester. Ukudziwa bwino za a Isake. Mulungu adadziwa amene ndinkanena."

"Mulungu adadziwa. Nanga ine?"

Margareta adakhala pansi pamatope pomwepo. Ndipo mwina chifukwa mpweya udali utamuthera ndi kuthamanga kuja, kwa nthawi yoyamba pa moyo wake adakhala chete mwana akulankhula.

Roza adalankhula akuzula udzu, osamuyang'ana. Adati kusukulu m'mawa uliwonse amaitana maina, ndipo akati Ester Agustino iye amayankha, n'kumva ngati wamulanda mng'ono wake malo pamphasa. Adati akakhoza masamu aphunzitsi amati Ester wakhoza, ababa n'kunyadira Ester, pomwe Roza ndi uja adalephera kusankhidwa kawiri. Adati mnzake wina wa bedi loyandikana adamufunsa ngati ali ndi abale, iye adati adali ndi mkulu wake koma adamwalira, chifukwa ndi mmene ababa adamuphunzitsira kuyankha, ndipo atanena choncho adakasanza kuseri kwa bafa. Adati amafuna kumulira Ester koma sadziwa polirira, nanga ungalire bwanji dzina limene walisoka pakolala?

"Chaka chatha, amayi, palibe amene wamulira Ester m'nyumba mwathu muja. Mumamuona akutunga madzi, mumamutuma mchere. Ndiye pano pagona ndani? Ngati ndi Ester, mulembeni. Ngati ndi Roza, ndiuzeni, ndisamavutike kudzuka."

Mawu omalizawo adamulasa Margareta. Adakumbukira namwino uja ndi magalasi ake a ulusi, ndipo adachita manyazi, manyazi aakulu, kuti mlendo adaona m'kanthawi kochepa chimene iye, mayi wobereka, adachiponda masabata awiri akufunafuna mizu. Adafuna kunena kuti tidachitira iwe, kuti tinkakufunira zabwino. Adameza. Adasendera pafupi, nayamba kuzula nawo udzu.

"Ndidakulakwira, Roza," adatero. Dzinalo lidatuluka movuta, ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa dzinja lonse. "Ndidakulakwira, mwana wanga. Pano pagona Ester."

Adalira awiriwo mpaka udzu udatha pamtumbira. Pobwerera Roza adayenda pambuyo pang'onopang'ono, ndipo atafika adakagonanso. Musaganize kuti nthenda yotere imatha ndi kulira kumodzi. Koma madzulo ake adadya mbatata theka.

Margareta adawapeza a Agustino m'munda akuthyola fodya wam'munsi, ndipo adawauza zonse ataima pakati pa mizere. Adawauzanso chimene ankafuna kuchita mawa lake kutchalitchi.

"Mwapenga?" adatero a Agustino, masamba ali m'khwapa. "Pamaso pa a Isake? Mwana amuchotsa sukulu tsiku lomwelo. Ine angandinyamule, mukudziwa mmene zinthu zilili masiku ano. Muuzeni m'nyumba kuti ndi Roza, muzimuitana choncho kuchipinda, zithere pomwepo."

"Ndidamuika pagulu. Ndikamufukula pagulu."

"Zoyankhula za ana zimenezo! Akadzayamba ntchito adzatithokoza. Dzina n'chiyani? Dzina amadya?"

"Ngati dzina si kanthu, bwanji mudaletsa kulilemba pamtanda?"

A Agustino adaponya fodya pansi, chinthu chimene mlimi wa fodya sachita. Adayang'ana kuphiri kwa kanthawi, ndipo polankhulanso mawu adali atatsika.

"Mukuyesa ine sindidalire? Ndinkalirira kudimba, ndekha, kuti abale anu asandione. Ndinkangofuna kuti pa imfa ija patuluke kanthu, mayi. Kuti isakhale yachabe."

Margareta adawamvera chisoni, ndipo chisonicho chidamukwiyitsa koposa, chifukwa n'kosavuta kulimbana ndi munthu woipa.

"Ndamva, bambo. Koma ndaika kale mwana mmodzi ndi makasu. Wachiwiriyu ndamuika ndi pakamwa panga. Sindidikira kuti makasu abwerenso."

Sadagwirizane. A Agustino adatola fodya wawo n'kupitiriza kuthyola, Margareta adabwerera kunyumba.

Lamulungu wansembe kudalibe, mapemphero ankatsogolera a Vinsenti. Roza adakana kulowa. Adavomera kungofika, n'kukhala panja patsinde pa mtengo pafupi ndi zenera la mbali ya amayi. A Agustino adakhala kumbuyo kwenikweni, chipewa chili pamaondo. A Isake adali pabenchi yawo, zolembera ziwiri zili m'thumba la malaya.

Itafika nthawi yoti aliyense wofuna apereke pemphero lake, wina adapempherera mvula kuti ichepe, wina odwala, wina atsogoleri a dziko. Margareta adaimirira. Mawu oyamba adatuluka ngati a mwana.

"Ambuye, ndikupempherera mzimu wa mwana wanga Ester Agustino, amene adatisiya chaka chatha Khirisimasi itangodutsa, ndipo wagona kuseri kwa tchalitchi chino. Masabata awiri apitawa ndidalembetsa dzina lolakwa, mwadala, chifukwa cha mantha. Mundikhululukire." Adapuma, n'kukweza mawu kuti adutse pazenera. "Ndikupemphereranso mwana wanga Roza, woyamba kubadwa, amene ali moyo, ali panja apo, ndipo akudwala mumtima chifukwa cha zimene tidamuchita ife makolo ake. Ndiye adakhoza mayeso aja, katatu konse. Tikupemphani, Ambuye."

Tchalitchi chidati zii. Anthu amene amayankha pemphero ngakhale ali m'tulo, tsiku limenelo adaiwala mawu ake. Aliyense ankayang'ana msana wa a Isake. A Vinsenti adakwirira nkhope m'buku.

Kenako a Elube, amene mawu awo ankamveka kutsidya kwa dambo, adayankha okha: "Ambuye, timvereni!" Amayi ena adatsatira, mmodzimmodzi, kenako mbali yonse. Kwa amuna kudamveka kung'ung'udza chabe. A Isake adavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ndipo mpaka lero anthu a kumeneko amatsutsana ngati adayankha nawo kapena ayi.

Potuluka adamudutsa Margareta pakhomo, n'kuima pang'ono.

"Mayi, Lachiwiri mundipeze kuofesi, inu ndi bambo."

Basi, adangotero n'kumapita. Kaya kudali kukachotsa mwana, kaya kukafunafuna njira ina, nkhope yawo sidanene. Margareta adayenda kupita kumtengo kuja mtima uli m'mwamba, akudzifunsa ngati sadagwetse ndi pakamwa pake tsogolo lonse la mwana wake. Amayi anzake ankamulambalala, osadziwa kuti amupatse moni wanji. Roza adali ataimirira, atagwira tsinde la mtengo, nkhope yonyowa. Adangotenga buku la nyimbo m'manja mwa mayi ake n'kulinyamula, monga ankachitira kale.

"Amake Roza!" adakuwa a Elube kumbuyo. "Tadikirani, mukuthamangira chiyani ngati mwaba?"

A Agustino sadadye kunyumba tsiku limenelo.

Lolemba kudacha ndi mvula yowaza. Sutikesi idali pakona pomwe idali. Margareta adakhala pakhonde ndi lezala, bulauzi za sukulu zili pamiyendo, akutumbula ulusi wofiira uja chilembo chimodzichimodzi. Sankadziwa ngati bulauzizo zidzavalidwanso. Ankangodziwa kuti Lachiwiri kuli a Isake, Lachinayi kuli namwino, ndipo udzu m'chimanga wafika m'chiuno. Roza adatuluka yekha, atafunda chitenje, n'kukhala pambali pake. Adayang'ana ntchitoyo kwa kanthawi, kenako adagwira bulauzi yomaliza.

"Iyi musatumbule, amayi. Ikhale ya Ester."

Kumsewu, kutsidya kwa dambo, basi idaliza hutala kawiri monga inkachitira, idadikira pang'ono, n'kuyamba kukwera chitunda ikubuula. A Agustino adatulukira kuchokera kuchigafa. Adaima pabwalo mvula ikuwawaza, akumvetsera mpaka phokosolo lidazimirira kuseri kwa phiri. Adaoneka okalamba. Adatembenukira kukhonde, adatsegula pakamwa, ndipo Margareta adaona milomo yawo ikuyamba dzina lija adalizolowera chaka chathunthu. Adaima.

"Roza," adatero. "Basi yapita."

"Ndaimva, ababa."

Padali patatha masabata awiri mwanayo asanawayankhe bambo ake.